Anachita Kumuuza Kuti Agone Choncho

Lachiwiri ndinaperekeza alamu anga kumsika wa Ngabu. Ndi mkazi wa malemu mng'ono wanga, amakhala kwa Tengani. Ankafuna nsalu yotchinga pakhomo la nyumba yomwe akumanga, popeza nyumba yakale inapita ndi madzi osefukira.

Bambo wina wa kaunjika anatiyalira nsalu yaikulu yokhuthala, ya zija azungu amapachika pakhoma. Inali ndi chithunzi: akazi oyera atagona pa makapeti m'chipinda cha zipilala, ena mabere ali pamtunda. Kumbuyo kwawo kunaima mkazi wakuda ngati ife, atanyamula beseni.

Akabaza awiri anasiya njinga zawo n'kubwera kudzaona. Wogulitsayo anati amenewa ndi akazi a mfumu ya Aluya, ntchito yawo n'kugona basi.

"Tengani madala, mukaike kuchipinda. Mayi akunyumba akaphunzireko."

Anthu anaseka, koma alamu ayi. Analoza mkazi wa pakati.

"Uyu sakupuma ayi, nkhabe. Taonani khosi. Munthu wotopa sagona choncho. Anachita kumuuza."

Tikudikira minibasi, ndinawafunsa kuti adziwa bwanji. Anandiuza nkhani yomwe anaisunga chichokere ku msasa wa anthu othawa madzi. Kunabwera alendo ndi makamera, limodzi ndi womasulira wakwathu konkuno. Tsiku limenelo alamu anali atasamba, atavala chitenje chatsopano chomwe analandira kumpingo. Womasulira anati chitenjecho n'choyera kwambiri, avale chakale chong'ambika. Anawauza kuti avule masilipasi, akhale pansi, apendeke mutu. Kenaka anati ayamwitse mwana. Mwanayo anali atasiya kale kuyamwa.

Anachita zonse, chifukwa galimoto ya ufa inali itaima pomwepo.

Chithunzicho chinayenda. Chinabwerera kwa Tengani kudzera m'mafoni, bere lawo lili poyera. Mpongozi wawo anachiona. Kuyambira pamenepo alamu, omwe ankatsogolera nyimbo, amakhala benchi ya kumbuyo m'tchalitchi.

Madzulo ndinakafunsa mnzanga wina, mphunzitsi wa mbiri yakale yemwe anapuma ntchito. Zithunzi ngati cha pansalu ija akuzidziwa. Anati ankazijambula ndi penti amuna a ku France kalekale, nthawi yomwe dziko lawo linkalanda maiko a kumpoto kwa Africa. M'nyumba za kumeneko, mbali yokhala akazi sinkalowa mwamuna wachilendo. Ambiri mwa ojambulawo sanapondemo. Ankalemba ganyu atsikana osauka, kuwaveka mikanda, kuwagoneka pa makapeti, n'kujambula zomwe mitima yawo inkalakalaka. Ogula ankakhulupirira kuti aona moyo wa anthu a kutali.

Nanga akazi enieni a m'nyumbazo? Ankaphika, kulera ana, kukangana, kudwala, kupemphera. Zimenezo panalibe wozifuna pakhoma pake.

Ndipo uja wa beseni? Mnzangayo anati amenewo ankawaikapo kuti khungu la enawo liwale bwino. Dzina lake palibe analifunsa, ngati mmene alendo aja sanafunsire la alamu.

Inu owerenga mwina mukuti zimenezi n'zosiyana: wina ankajambula zokhumba thupi, wina akujambula kuti tipeze thandizo. N'zoona, ufawo tinadya, ndipo sindikunyoza dzanja lomwe linatipatsa. Koma ntchito yake ndi imodzi. Munthu amabwera ndi chithunzi chake kale m'mutu, ndiye amangofuna thupi la mkazi loti alowetsemo. Uja ankafuna mkazi waulesi wodikira mwamuna. Uyu akufuna mkazi wosweka wodikira chifundo. Mayi wa ku Chigwa yemwe wasamba, wavala bwino, ndipo akuumba yekha njerwa, onsewa sawathandiza.

Tisaloze alendo okha. Amene anati "vulani masilipasi" analankhula Chisena chabwino. Amene anafalitsa chithunzicho m'mudzi ndi ana athu. Lero mayi akamasamba kudooko, wina ali m'bango ndi foni. Mtsikana akagwa pa kabaza siketi n'kukwera, asanadzuke ali kale m'magulu a pafoni. Timaseka ngati akabaza aja, kuiwala kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kodi n'chovuta n'chiyani kufunsa munthu mmene akufuna kuonekera? Kumuuza komwe chithunzi chake chikupita? Kumutsimikizira kuti akakana, thumba lake la ufa alandirabe?

Kumsika kuja, nsalu ija alamu anagula. Ndinadabwa. Anauza wogulitsa kuti aipinde chithunzi chikhale mkati, ndipo anati akaisoka mophatikiza, ikhale yotchinga pakhomo yopanda nkhope.

"Agona pamtunda nthawi yaitali. Afundeko."

Minibasi itafika anandiuza chinthu china. Alendo aja atumiza uthenga kuti abweranso Lachisanu, akufuna kuwajambula pa nyumba yatsopano. Ndinawauza kuti akane, ndipo ngati akuopa, ndibwera ndidzawakanire.

Anandiyang'ana ngati mwana.

"Alamu, denga langa malata sanakwane, mvula ili pafupi. Mudzandifolerera ndi mawu anuwo?"

Anakwera minibasi.

Atakhala pampando, anatulutsa mutu pazenera n'kunena motsitsa mawu kuti chitenje chong'ambika chija sanataye. Anachichapa n'kuchisunga pansi pa sutikesi, poti ndi chimene alendo amakonda.

Lachisanu adzavala, adzakhala pansi, adzapendeka mutu. Inu mukadzachiona chithunzicho pafoni panu, kodi mudzayang'ana khosi?