Mfundo Yolimba Akamaikoka

Gugudu! Gugudu! Wina ankakoka chitseko pakati pa usiku, koma sichinatseguke. Mayi wosita zovala anadzidzimuka. Loko anathyola kalekale mwamuna wake, nanga chikugwira chitsekocho n'chiyani?

Atayatsa tochi ya pafoni anaona chingwe chitakungika kuchokera pachogwirira mpaka kuzitsulo za pawindo. Pansi pake panakhala mwana wake wamkazi, Kamphuno, wa zaka zisanu ndi zinayi, maso ali tong'o.

"Tsegula iwe! Nyumba ino ndi ya ndani?" anakuwa mwamunayo panja, lilime litalemera ndi mowa.

"Musaope, amama," ananong'ona mwanayo. "Mfundo imeneyi akamakoka m'pamene imalimba. Anatiphunzitsa ku magaidi."

Mayiyu sukulu anailekera fomu 2, mimba itaonekera. Chiyambire, moyo wake uli pathebulo lositira kuseri kwa shopu yochapa zovala: makolala a eni ake, nthunzi kumaso, zipsera za simbi m'manja. Zipsera zina, zosachokera ku simbi, amazibisa ndi malaya a manja aatali. Mwana anamulowetsa gulu la magaidi, alongo awo a masikauti, kuti Loweruka azikaguba ndi kuimba, aiwaleko za pakhomo. Kansalu kake ka m'khosi ankakasita mpaka nsonga kuthwa. Mwanayo akamabwereza mawu a gululo akuti "Khala wokonzeka," mayi ankaseka: "Kukonzekera chiyani, agogo inu, nkhondo?"

Kani inali nkhondodi.

Mantha anamuthawa mayiyo, mtima unayamba kuwira. Anakwiyira aneba, amene amamva zonse pakhoma lopyapyalali, m'mawa n'kumangoti "mwadzuka bwanji." Anakwiyira apongozi ndi nyimbo yawo yosatha ya "banja n'kupirira." Ana a anzake amaphunzira mfundo kuti akamange tenti, wake waphunzira kuti atsekere bambo ake panja! Ndiye kuti masiku onse aja ankapotokola chingwe pamwendo wa mpando, anthu n'kumati akusewera, mwanayu ankayeseza zimenezi?

"Ndi mwano umenewu amakuphunzitsa kumeneko?" anakuwanso mwamunayo atasuzumira pawindo. "Mawa kansanza kakoko ndikaotcha, tizala timeneto ndithyola!" Anamenya ndowa theche, n'kudzandira kulowera kwa anzake.

Tizala. Mayiyo anatigwira: tozizira, tonyuka ndi chingwe.

Kunja kutayamba kuyera anayala bulangete pansi. Anaikapo zovala, simbi yake, yunifomu ya mwana, kansalu kaja pamwamba.

"Kamphuno, masula chingwecho."

"Nanga akabwera?"

"Apeza chitseko chili pululu, alowe mpaka atope. Manga katunduyu, mfundo yomwe ija. Tikupita kwa mayi ako aakulu. Loweruka ukaguba ndithu, ndipo wokuperekeza ndine."