Maenje a kudimba kwa a Nabanda

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene fodya wanga anabwezedwa kawiri ku okushoni. Ndinawauza a Nabanda, akazi anga, tikuthirira tomato kudimba kwawo ku Kabudula. Ndikuti kwawo chifukwa ine ndine mkamwini. Dimba limenelo ndi lomwe linkatidyetsa chimanga chikatha m'nkhokwe. Iwo anangoti, "Pitani, bambo a Chikondi. Bola madzi alipo, sitifa."

Ku Kepi ntchito anandipezera mnzanga wa ku Nsaru. Inali pasukulu ina yaikulu, m'chipinda chozizira ngati firiji ya nyama. Koma munalibe nyama. Munali matope. Matope enieni, eti, osungidwa m'mapaipi ataliatali ong'ambidwa pakati, okumbidwa pansi pa nyanja ndi madambo a maiko osiyanasiyana. Kwanga kunali kunyamula, kupukuta matebulo ndi kusamala kuti paipi ndisaitembenuze, kumutu kukhale kumiyendo.

Ndalama ndinkatumiza, miyezi ina zochepa zochititsa manyazi. Lamulungu ndinkabindikira m'kachipinda kanga ka malata, kumangobwereza mawu amene a Nabanda anditumizira pafoni. Ndikafunsa za dimba ankati, "Kuli bwino, tomato wabereka." Basi.

Bwana wanga anali mayi wina, tinkangoti a Dokotala, ngakhale sankabaya munthu jakisoni. Tsiku lina ndinalimba mtima. "Kodi mayi, m'matope amenewa mumafunamo chiyani?"

Anaseka, n'kundiitanira pafupi. Anati matope amagona chaka ndi chaka, ena pamwamba pa anzawo, ndiye apansi ndiwo akale. Akuda ndi a nthawi ya mvula yambiri. M'kati mwake amapezamo mungu wa mitengo, n'kudziwa nkhalango imene inalipo. Kenako analoza pamene matopewo anasanduka otuwa, olimba, amchengamchenga.

"Apa madzi anaphwa," anatero. "Maiko a kumpoto anali atakwiririka ndi madzi oundana, mulu wake ngati mapiri. Cha kwanu kunkazizira, mvula n'kumagwa yochepa."

"Chilala cha zaka zingati? Ziwiri?"

Anagoneka chala chimodzi pamatopepo. "Pamene paphimbika ndi chala changa pokhapa pali inu, agogo anu, agogo awo, ndi agogo a iwowo."

Atatuluka ndinayeza kutuwako ndi mkono wanga. Kunafika pachigongono n'kupitirira.

Kuchokera tsiku limenelo mtima wanga sunakhalenso m'malo. Sukulu ndinalekezera sitandade faifi, mwina zina sindinamve bwino. A Dokotala anati madzi oundanawo sabwera lero kapena mawa, akuti chimene chikuwadetsa nkhawa masiku ano ndi kutentha. Koma chimene chinanditsalira ine n'chakuti mvula ikhoza kuchoka osabwerera, munthu n'kubadwa, kukalamba, kufa, osaiona ili bwino. Ife tinazolowera kuti chilala ndi mlendo, wagona chaka chimodzi, wapita. Nanga akamanga nyumba?

Ndinabwerera patatha zaka zisanu ndi chimodzi, mwezi wa Okutobala, chifuwa chitandikwana. Maganizo anga anali oti ndikakalambire kudimba, za ku Joni basi. Kutacha ndinati tiyeni tikaone mbewu. A Nabanda anayamba kuzengereza, ati ndipume kaye, ati abale akubwera kudzandilonjera. Ndinangonyamuka, iwo akubwera pambuyo.

Chitsime chimene ndinachisiya chinali dzenje louma, mutamera chisoso. Kumunsi kwake pang'ono, dzenje lina louma. Kenako lina. Lina. Mzere kutsetsereka dambo. Ndinawerenga asanu ndi limodzi. Lomaliza lokha ndi limene linali ndi madzi, olekeza m'kakolo, ndipo linali m'tsinde mwa nthochi za m'malire ndi dimba la a Jere.

"Bwanji simunandiuze?"

"Mukanatumiza mvula pafoni?" anatero a Nabanda. "Chaka chilichonse madzi amathawira kumunsi, ife timawatsatira. Dambo lonseli tikutero. Odabwa ndinu nokha, a ku Joni."

Ndinafuna kuwafotokozera za matope otuwa aja. Ndikanawauza chiyani chachilendo? Ine ndinaona ndi maso m'chipinda cha azungu, iwo anakumba ndi khasu, dzenje lililonse chaka chake, mwana kumsana.

"Nanga chaka cha mawa tikumba pati?" ndinafunsa.

Anayang'ana nthochi zija, n'kuyang'ana ine. "Ndimadikira inu. Ndimati mukafika mukapemphe kwa a Jere, atibwereke pokumba. Amuna okhaokha mwina mumvana."

Ndinasuzumira kuseri kwa nthochi. A Jere anali kumapeto kwenikweni kwa dimba lawo, m'dzenje lofika m'khosi, akuponya kunja dothi louma.