Dima la Amake Doris m'Chaka cha Nthomba

Khasu limodzi ndimaligula masheleni atatu pa sitolo ya Mmwenye ku Petauke, n'kukaligulitsa masheleni anayi m'midzi ya kwa Nyalugwe. Ulendo uno ndinamanga makasu khumi ndi awili pa njinga, mchele theka la thumba ndi sopo pang'ono. Ndinati ndigone kwa Kamtande, m'mawa ndipitilile. Kutacha, njila inali yotseka. M'nyumba ziwili munali mutapezeka nthomba, ndipo a zaumoyo ochokela ku Boma anaika malile pa kamtsinje kouma ka kumunsi kwa mudzi. Lamulo linali lakuti wam'kati asatuluke, wakunja asalowe, ndipo amene walowa akhale komweko mpaka tsiku lotsegula.

Umu ndi mmene ndinakhalila mlendo wa Amai Keziah Mumba, amene mudzi wonse umawaitana kuti Amake Doris.

Ndi mayi wamfupi, wa mapewa otambalala, ndipo nkhope yawo ili ndi zipsela za nthomba imene anadwala ali kamtsikana. Anabadwila m'mudzi momwemo. Amuna awo, a Simon, anapita ku Walale, dziko la kum'mwela, kukafuna nchito mwana wachitatu ali kumsana. Chaka choyamba anatumiza bulangete, chaka chachiwili chithunzi atavala chipewa, kenako zii. Amake Doris anatsala ndi ana atatu ndi munda waukulu wa makande umene anasiya amai awo, wotsetseleka kuchokela kuseli kwa mudzi mpaka ku kamtsinje. Dothi limenelo likauma limabweza khasu, likanyowa kwambili limagwila mapazi. Lili ndi masiku ake ochepa mvula yoyamba ikangogwa, ndipo ukawaphonya waphonya chaka.

Mkazi mmodzi sangalime munda wotele. Komabe Amake Doris sanapitepo kukagwila ganyu pakhomo pa munthu. Chaka chilichonse amafulula mowa n'kuitana dima: anthu amabwela ndi makasu, amalima tsiku lathunthu, malipilo awo ndi mowawo. Mowa wawo ndi wotchuka, moti amuna a kuseli kwa mapili amanola makasu akangomva kuti anyika chimela. Iwo amati mwamuna wawo weniweni ndi mbiya yaikulu ili kuseli kwa chitseko, chifukwa imalima chaka ndi chaka ndipo siidziwa njila ya ku Walale.

Masiku otsekeledwawo anali ataliatali. Odwala anawamangila misasa kutchile, ndipo Amake Doris ndiwo ankawapititsila phala ndi madzi, poti nthomba siibwela kawili pa munthu mmodzi. Akabwelako ankasamba ndi phulusa, n'kuyanika nsalu yawo pa dzuwa kutali ndi ana. Ambili a ife a zaumoyo anatitemela pa mkono, ngakhale ena anathawila m'nkhokwe poti kunamveka zoti katemela wa boma la Fedeleshoni amatseka mimba. Ng'oma ya kuchalichi inaleka kulila. Kuchitsime akazi ankapita mmodzimmodzi, ndipo mtondo unkamveka wopanda nyimbo. Mchele wanga unatha sabata yachiwili, anthu n'kuyamba kuthila chidulo m'ndiwo zonse. Mwana wa a Miti atamwalila kumisasa, anakamuika amuna anayi okha, amake akulilila pakhomo, mudzi wonse ukumvetsela uli m'makonde. Njinga yanga inaphwa matayala ili chotsamila, nkhuku n'kumagona pa chishalo.

Kutsidya kwa kamtsinje kunali tenti ya bambo wa zaumoyo, ndi kapaso, msilikali wa mfumu, amene ankalondela malilewo, a Gideon Daka. M'mawa uliwonse a Gideon ankaima pamchenga n'kufuula malamulo: kulibe gule, kulibe mapemphelo, kulibe kukhala pamalilo, kulibe mowa. A Gideon ndi msuweni wa Amake Doris, mwana wa amalume awo, ndipo asuweni kuno amatukwanizana popanda mlandu. Amake Doris ankawayankha ali kumunda kuti amuna anga mwadzuka bwanji, kodi chipewacho mumagona nacho? A Gideon ankati mkazi wopanda ulemu chonchi n'chifukwa chake anamuthawa. Tsiku limene sanatukwanizane, ana ankafunsa ngati wina wadwala.

Chimela Amake Doris anali atanyika kale njila isanatsekedwe. Mitambo itayamba kusonkhana cha kumapili, anatulutsa mbiya n'kusonkha moto. A Gideon ataona utsiwo anafuula kuti akudziwa chimene chikuphikidwa, ndipo mlandu wake ndi wa kwa mfumu. Ine ndinachita mantha. Ndinauza Amake Doris kuti mwina adikile, njila ingatseguke mwezi usanathe.

"Mwana wanga," anatelo akutakasa m'mbiya, "nthomba ndinaiona, yandisiyila nkhope iyi. Njala ndinaionanso, inatenga mng'ono wanga. Boma latseka njila, koma mvula siinauzidwe."

Sanafune kupha anthu ndi mowa wawo. Anakhala madzulo awili akuyang'ana mundawo, kenako anaugawa zigawo zisanu ndi zinayi, akutsata zulu ndi mitengo ya msolo imene inalimo. Banja lililonse linapatsidwa chigawo chake, mbiya yake pansi pa mthunzi wake, ndipo chipanda chomwela abwele nacho okha kuchokela kwawo. Pakati pa chigawo ndi chigawo panasiyidwa mizele yosalima, kuti anthu asakumane. A m'nyumba za odwala sanaitanidwe. Mbiya zinabwelekedwa mudzi wonse, ina mpaka yosambila inatsukidwa. Ine ndinabweleketsa makasu anga, poganiza kuti munthu akalimila khasu latsopano tsiku lathunthu, lake lakale limamulemela.

Mvula inagwa Lachinayi. Loweluka m'mamawa mabanja onse asanu ndi anayi anali m'munda. Poyamba zinali zachilendo, munthu kulima osamva mpweya wa mnzake. Koma a Abraham Sakala, amene amatsogolela nyimbo pa dima lililonse, anaiyamba ali kumtunda, a kumunsi n'kuivomela mochedwa pang'ono chifukwa cha mtunda, ndipo makasu anayamba kugwa pamodzi. Chitsekeleni njila, anthu anali asanaimbepo. Ndinaona akazi ena akulima uku akupukuta m'maso.

Dzuwa litafika pamutu, banja lililonse linapita pa mthunzi wake. Mbiya zinavundukulidwa. Palibe anamwa. Amuna anangokhala atagwila zipanda, maso ali kwa Amake Doris. Iwo anafunsa ngati mowawo wasasa. A Abraham anafuula kuti mowa ulibe chifukwa, koma mwini wake sanachotse ufiti.

Kuno munthu samwa mowa wa mnzake mwini wake asanalawe pamaso pa onse, kuonetsa kuti sanathilemo kanthu. Pa dima la masiku onse mbiya imakhala imodzi, mwini amalawa kamodzi, basi. Amake Doris anali ataganizila zonse, mithunzi, zipanda ndi mizele, koma anaiwala kuti mbiya zisanu ndi zinayi ndi kulawa kasanu ndi kanayi. Ananena kuti mowa wonsewo unatuluka m'mbiya imodzi. A Abraham anati zoona, koma unalowa m'mbiya zambili, ndipo mwambo suwelenga kumene mowa wachokela.

Amake Doris anatenga chipanda chawo n'kuyamba kumtunda. Banja linkasendela kutali, iwo n'kutunga, n'kumwa. Pa mbiya yoyamba anangonyowetsa milomo, koma a Abraham anakana, ati ali patali saona bwino, kholingo lioneke likuyenda. Chipanda chinayenela kutha. Tsono mayiyo chidzukile anali asanaike kanthu m'mimba, dzuwa linali la mwezi wa Novembala, ndipo mowa wawo ndi waukali. Pa mbiya yachinayi anayamba kuyamikila okha wofulula. Pa yachisanu ndi chimodzi anauza a Bonaventure Tembo zonse zimene ankaganiza za mbuzi zawo kuyambila chaka cha dzombe. Potsikila ku mbiya zitatu zomaliza, zimene zinali m'mbali mwa kamtsinje, ankayenda ngati ali m'bwato.

A Gideon anali ataima pamchenga kuyambila m'mawa, ndodo m'manja. Anafuula kuti uwu ndi msonkhano wa mowa, ndipo aliyense ali m'mundamo ali ndi mlandu.

"Msonkhano uli kuti, amuna anga?" anatelo Amake Doris. "Pansi pa mtengo uwu pali a Lungu ndi akazi awo. Kodi usiku mumawagonetsa nyumba ziwili?"

"Mbiya zisanu ndi zinayi ndi misonkhano isanu ndi inayi."

"Ndiye mwakwezedwa pa nchito. Dzulo munali kulondela mudzi umodzi."

Anthu anaseka kuchokela kumunsi mpaka kumtunda, chifukwa amene anamva ankafuulila amene sanamve. Bambo wa zaumoyo anatuluka m'tenti n'kuima poyang'ana. Amake Doris anamaliza chipanda chomaliza, n'kuchitembenuza kuti a Gideon aone kuti mulibe. Anawauza kuti akanawaitana, koma pa dima samwetsa munthu amene manja ake anazolowela kuloza.

Chipongwe cha msuweni munthu amachimeza, koma osati pamaso pa mkulu wa ku Boma. A Gideon anatsika pamchenga, anawoloka, anakwela gombe. Mbiya yoyamba anaigubuduza ndi phazi, yachiwili anaimenya ndi ndodo n'kusweka, yachitatu anaikutumula a Lungu akuigwilila. Mowa unayenda m'mizele n'kumila m'makande. 

Amake Doris anakhala pansi pomwepo, miyendo chotambasula, akuyang'ana mapale a mbiya yobweleka. Ndinaganiza kuti alila. Anakweza mutu n'kufunsa modekha kuti, "Lomba, a msuweni, mubwelela njila iti?"

A Gideon anatembenuka. Bambo wa zaumoyo anali atafika kale m'mbali mwa mchenga, atakweza dzanja. A Gideon anati iwo ndi munthu wa Boma, anangolowa kukagwila nchito. Bamboyo anayankha kuti lamulo alifuula okha m'mawa uliwonse, ndipo nthomba siiopa chipewa. Anawaponyela bulangete lawo kuchokela kutsidya.

Tsikulo silinathe mwachisangalalo. Mabanja atatu amene mowa wawo unatayika ananyamula makasu n'kupita, chifukwa palibe amalima masana ndi kukhosi kouma. Enawo anamaliza zigawo zawo dzuwa likupendeka. Mbali yonse ya kumunsi, imene imabala bwino koposa, inatsala theka, pamodzi ndi mizele ya pakati ija. Amake Doris ndinawafikitsa kunyumba atanditsamila, akunena kuti dziko likuyenda lokha, iwo atangoima.

A Gideon analibe mbale wina m'mudzimo. Anagona m'khichini mwa Amake Doris, pamodzi ndi ine. Tsiku loyamba anakana chakudya. Lachiwili anadya atafulatila. Lachitatu anapeza khasu langa limodzi litatsamizidwa pa chitseko, ndipo Amake Doris anawauza kuti pakhomo pawo nkhuku yokha ndiyo imadya osalima. Anakoleka malaya a nchito ndi chipewa pa mtengo wa msolo, n'kutsikila kumunsi. Ndi munthu wodziwa kulima, ngakhale anali atayamba kuiwala. Iwo, ine, Amake Doris ndi mwana wawo Doris tinamaliza mbali imeneyo makande asanagwile mapazi. Akulima, a Gideon ankabweleza kuti mlanduwo sunathe, njila ikatseguka adzakaunena kwa mfumu. Amake Doris anati adzapita okha popanda kuitanidwa, ndipo adzapempha mfumu kuti ione matuza a m'manja mwa mboni yake.

Chimene sanachitile nthabwala ndi masabata awili otsatila. M'mawa uliwonse ankazungulila makomo a onse amene anabwela ku dima, kuima patali, kufunsa ngati pali wotentha thupi, kuuza ana kuti atukule nkhope. Anandiuza kuti akadwala mmodzi yekha, anthu adzati Keziah anafulula imfa, ndipo iwo sadzakhala ndi pakamwa powatsutsa. Mpaka lelo palibe wadwala mwa amenewo. Kumisasa kwatsala anthu awili, onse ayamba kudya. Mbiya yosweka ija anabweza ndi nkhuku yaikazi, ndipo mabanja atatu aja anawalonjeza kuti pa dima lotsatila mbiya zawo zidzadzaza mpaka m'khosi.

Chimanga chamela, chafika m'mawondo, ndipo udzu ukuthamanga nacho. Njila ikadali yotseka. Amake Doris anyikanso chimela. Dima lopalila lili Loweluka la sabata ya mawa, mabanja ena awili apempha zigawo, ndiye mbiya zidzakhala khumi ndi imodzi. Tidzayambila kumunsi.