Atate akudikira mlendo kuti adye

Lachitatu lapitali mbale ya atate idatuluka m'chipinda mwawo yopanda ngakhale kambewu kamodzi ka mpunga. Ndidayenera kukondwa. Koma mpaka lero mtima ukundiwawa.

Atate adadwala sitiroko chaka chatha, dzanja lamanja n'kufooka. Kwa Msilamu wa msinkhu wawo, limenelo ndilo dzanja lodyera. Munthu amene adatilera ndi mawu akuti "Bisimillahi kaye, dzanja lamanja, idya mbali yako," lero azidya ndi lamanzere, mpunga ukutayikira pa mkanjo? Manyazi adawagwira. Ine ndi mayi akunyumba tidati tiwachitire chifundo: chakudya chizipita kuchipinda, azidya okha, kutali ndi maso a adzukulu.

Chakudyacho chinkabwerako monga chidapitira. Sadanenepo kuti mchere wachepa, poti kunyoza chakudya adatiletsa tili ana. Ankangoti, "Alihamudulillahi, ndakhuta." Kukhuta chiyani, thupi likutha ife tikuona? Tidaitana ashehe, ndipo adawauza kuti Mulungu sakakamiza wodwala zimene sangathe. Atate adavomera mwaulemu, mbale n'kubwerakonso yodzaza.

Tsono Lachitatulo kudabwera a Tembo, mlimi wa ku Chiparamba, mkulu wa mpingo kutchalitchi kwawo. Akhala akubweretsa mtedza kushopu ya atate kuno ku Chipata kuyambira ine ndisanabadwe. Adandipeza ndanyamula thireyi.

"Iwe Yusufu, chikupita kuti chimenecho?"

"N'cha atate. Amadyera kuchipinda."

"Aa! Achimwene anga mwawatsekera ngati nkhuku yofungatira mazira? Bwera nacho kuno. Utenge madzi osamba m'manja, ndipo mbale ikhale imodzi."

Adakhala pamkeka moyang'anana ndi atate. "Achimwene, nenani mawu anu aja. Ine ndine mlendo, sindingayambe."

Atate adati Bisimillahi mokweza, mawu amene ndinali nditawasowa m'nyumba muno.

A Tembo munthu wake ndi wodya mofulumira, koma tsikulo ankatola pang'onopang'ono, uku akudandaula za feteleza ndi mawondo awo. Atate akafuna kuleka, iwo ankati, "Mwaleka? Basi nanenso ndileke, ndibwerere ku Chiparamba ndi njala." Atate n'kubweza dzanja m'mbale, lamanzere lomwelo. Mpunga udatayika ndithu. Palibe adauyang'ana.

Ndili chilili pakhomo ndidakumbuka. Atate adatiphunzitsa kuti mwininyumba sachotsa dzanja m'mbale mlendo asanakhute, kuopa kuti mlendoyo angachite manyazi n'kuleka ali ndi njala. A Tembo, Mkhristu, adaziphunzira akudya ndi atate kuseri kwa shopu, ndipo adazisunga. Ine mwana wawo, wopita kumzikiti Lachisanu lililonse, ndidangosunga za dzanja.

Abale anga, si mmene tachitira ambirife? Malamulo osavuta kuwaona tawagwiritsa. Mwana akatenga sumbusa ndi lamanzere timamukalipira mpaka anansi amve. Koma mbale yaikulu ija, imene banja lonse linkaizungulira, tidaiika pamwamba pa kabati. Aliyense ali ndi kambale kake, nthawi yake, foni kudzanja linalo. Timadya mwa Chisilamu kuyambira m'chigongono mpaka ku zala, kwinako ayi.

Ndipo okalamba athu ndiwo oyamba kuchotsedwa pamkeka. Akutaya chakudya, akuchedwa, akutsokomola. Timati tikuwateteza ku manyazi. Manyazi a ndani, awo kapena athu?

M'mawa mwake sindidapite kushopu msanga. Ndidatsitsa mbale yaikulu ija, n'kuitsuka fumbi, masana n'kulowa nayo kuchipinda. Atate adasuzumira kumbuyo kwanga.

"Kuli mlendo?"

"Ayi, atate. Ndine."

Adatapa m'mbalemo katatu kokha, kenaka adatambasulira dzanja ku madzi osamba. Ndidayesa mawu a a Tembo aja, kuti akaleka nanenso ndileka. Adandimwetulira mondimvera chisoni.

"Iwe si mlendo, mwana wanga. Pita kuntchito, usachedwe chifukwa cha ine. Kodi a Tembo ati abweranso liti?"

Ndibwereranso pamkekapo mawa ndi mkuja, kaya adzandizolowera. Koma lero lino, m'nyumba yodzaza ana ndi adzukulu, atate akutchera khutu ku basi ya ku Chiparamba kuti adye.

Nanga kwanuko, ndani akudya yekha kuseri kwa chitseko?