Chithunzi cha Dazi la Bambo

Kamera yakale imene ndikuphunzirira kujambula ndi ya filimu yaikulu ija, yosuzumira pamwamba: umaigwira pamimba ndi manja awiri, n'kuwerama. Lero nditawerama choncho, fungo la chikopa chake linandibwezera kwathu ku Cóbuè, kutsidya kwa nyanja, chaka chimene tinabwerako kuchokera ku Malawi nkhondo itatha.

Wojambula wina anatsika m'boti la ku Likoma ndi kamera yotereyi. Bambo anavala jekete lawo la kutchalitchi, natiimika pafupi ndi ukonde watsopano. Chithunzi chawo chimene ndili nacho ndi chokhacho, koma nkhope yawo, imene ndayamba kuiiwala, mulibemo.

"Filimu yatsala yojambula kamodzi kokha, achimwene," anatero wojambulayo. "Musagwedezeke."

Anagwira kamera pamimba, nawerama mwakachetechete, milomo ikuyenda poyerekeza kuwala. Bambo, amene sankakankha ngakhale bwato osapemphera, anavula chipewa msangamsanga.

"Tsinzinani, ana inu," ananong'ona. "Mlendo akutipempherera."

Ine ndinasuzumira ndi diso limodzi. Dzuwa linkanyezimira pa dazi lawo. Kamera inalira kuti khethe!

"Ameni," anatero bambo, akudzutsa mutu momwetulira, okonzeka tsopano kujambulidwa.