Ndinathawitsira nkhuku kwa amayi

Kwathu kuno matenda a nkhuku akalowa m'mudzi, timazithawitsa. Umazimanga miyendo, kuziika m'dengu, n'kukazisiya kwa m'bale wako wa mudzi wina mpaka mliriwo utadutsa. Ndinakula ndikuona zimenezi, ndipo sindinaganizepo kuti n'kulakwa.

Chaka chimenecho, mwana wanga akadali kumsana, kunabwera tekiniko, mlangizi wa ziweto, kuchokera ku Ulongwe. Anatisonkhanitsa panja pa kapela, katchalitchi kathu, natiuza za gripi ya mbalame, chimfine chopha nkhuku chimene nthawi zina chimagwiranso munthu. Anati ngakhale maiko a pa zilumba, ozingidwa ndi madzi okhaokha, akukhalirana pansi kupangana za kudziteteza.

Mayi wina anati, "Ngati akuopa a pakati pa nyanja, nanga ife amene tambala wathu akalira amadzutsa anthu a ku Dedza?"

Tinaseka. Tekiniko anadikira kuti tithe kuseka, n'kunena kuti nkhuku zikayamba kufa tisazidye, tizikwirira, ndipo tisachoke nazo pamudzi. Ndinamva bwinobwino. Sindinganame kuti sindinamve.

Itakwana nyengo yokumba mbatatesi, nkhuku za aneba zinayamba kusinza masana, mapiko ali lende. Ine ndinali ndi misoti inayi. Ndinaiyang'ana ikutola madeya, yonse yamphamvu, ndipo mumtima ndinati tekiniko ankanena za zodwala. Ndinabereka mwana, dengu pamutu, ulendo wa kwa amayi, kupitirira Fonte Boa. Panjira umodzi unangoti zii, osalimbana ndi chingwe. Ndinati ndi dzuwa.

Amayi anali ndi nkhuku za kameta, zija zopanda nthenga m'khosi. Zonse zinachokera ku thadzi limodzi limene bambo anga analinyamula m'khwapa pobwerera kuchokera ku Malawi, kumene anathawira, nkhondo itatha. Bambo anamwalira ine ndili wamng'ono. Chithunzi chawo tilibe, njinga yawo inatha dzimbiri. Zimene zinatsala zikuyenda pabwalo ndi nkhukuzo.

"Wachita bwino, mwanawe," anatero amayi akumasula zingwe. "Koma misoti yakoyi njoonda ngati mwini wake. Itsekulire m'khola, ikaphunzire kudya kwa anzawo."

Patapita sabata ndinalandira uthenga woti ndipite. Ndinapeza amayi atakhala pakhonde, nkhuku zakufa ataziyala pa thumba. Zanga zinayamba, zawo n'kutsatira. Linatsala thadzi limodzi lokha, litatsamira chipupa, khosi litapindika. Madzi anali kale pamoto.

"Ili lokha tidye lisanafe," anatero. "Lisapite m'dothi ngati galu."

"Amayi, pepani, sitidya. Sitikudziwa kuti ndi matenda anji. Mwanayu akuyamwa."

Amayi anatembenukira kwa ine.

"Malamulo a tekiniko ukuwadziwa, eti? Tsiku lija unawaiwala pati?"

Amayi anaphula madzi aja, nakawakhuthula kuseri kwa nyumba. Nditatenga khasu kuti ndikumbe dzenje, anandilanda mosakalipa. Anakumba okha pansi pa mtengo wa pichesi, akupumira panjira chifukwa cha msana, ine nditangoima. Thadzi lija linafa dzenje lisanathe.

Tekiniko atamva, anati zikuoneka ngati chitopa chathu chakale, osati gripi ija, ndipo palibe munthu anadwala. Ndinathokoza Mulungu chifukwa cha mwana. Koma kwa amayi dzina la matenda silinasinthe kanthu.

Ndayenda midzi yambiri kufunafuna za kameta. Chaka chatha ndinapeza misoti iwiri ku Kalomwe, ndinaibayitsa vasina, katemera wake, n'kuisunga payokha masabata atatu ndisanapite nayo. Amayi anaisuzumira m'dengu, naisisita khosi ndi chala.

"N'zokongola," anatero. "Koma si za bambo ako. Bwerera nazo, uzikaweta kwanu."

M'khola muja tsopano amasungiramo mbewu ya mbatatesi. Ndikapita amandilandira bwino, mdzukulu wawo amamuika pamiyendo. Nkhani ya nkhuku sititchula.