Nsomba Zikupserera

Kaseti ija inali yakuda, yobenthuka pakona imodzi, yopanda dzina. Kwathu ku Msumba tinkaitcha fita. Atate anaijambulitsa kwa msilikali wina wa panyanja ku Metangula, kumene atatewo ankakonza injini za maboti. Munali nyimbo zingapo, koma yathu inali imodzi, ya Chingerezi, ya oimba akuda a ku Amereka. Inkayamba ndi besi womveka m'mimba, kenako malipenga, kenako mwamuna wa mawu osasa akukuwa ngati waponda khala la moto. Mawu ake sitinkamva ndi limodzi lomwe, koma miyendo inkamva.

Nyimboyi inali ndi chilema. Tsiku lina atate akuvina ndi amayi pakhonde, anafuna kuimitsa wailesi, chala n'kugwera pa batani lofiira lojambulira. Ndiye pakati penipeni nyimbo inkaduka, n'kumveka atate akupuma mwawefuwefu: "Amake mwana, nsomba zikupserera uko." Amayi n'kuyankha akuseka: "Zisiyeni zipserere." Kenako malipenga ankabwereranso.

Chaka chimene ndikunenachi ndinali ndi zaka khumi, nkhondo ili mkati. Atate anakwera koluna, mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali, kukatenga zitsulo za injini ku Lichinga. Patapita milungu iwiri amalume anakwera mtunda wa ku Maniamba wapansi, n'kubwerako ndi kathumba ka atate. Analankhula ndi amayi kuseri kwa nyumba. Ine anandiuza kuti atate apeza ntchito ku Lichinga, adzabwera msewu ukatseguka. Maliro opanda mtembo ana sitinkauzidwa. Amalume sindiwaimba mlandu, koma bodza lawo lija ndi limene linandigwiritsa lezala.

Mwera unayamba. Mabwato anagona pamchenga, zidendene zathu zinang'aluka, milomo n'kutuwa mbuu. Mabatire ankasowa kuposa mchere. Amayi ankayanika athu padenga kuti abwezeko kamphamvu, ndipo Lamlungu lililonse tikachoka ku tchalitchi ankaliza nyimbo ija kamodzi kokha. Sankavina. Ankakhala pamphasa akusenda chinangwa, ikafika pakati mpeni unkaima. Ine ndinkangoti amayi amakonda malipenga.

Aphunzitsi athu, a ku Lichinga, olankhula Chipwitikizi chokhachokha, ankafuna kuti tidzavine pa tsiku la ana. Wailesi anali nayo, koma nyimbo zawo zinali zoguba basi. Ine pakamwa panali poyabwa, ndinadzitama kuti kwathu kuli nyimbo yodzutsa ndi wodwala yemwe. Amayi anakana. "Fita imeneyo situluka m'nyumba muno." Ndinaitenga iwo atapita kukavuula chinangwa.

Itangolira, kalasi yonse inaimirira, fumbi koboo, ngakhale aphunzitsi mapewa anawapandukira. Ndiye pakati paja atate analankhula pamaso pa anthu onse. Anzanga anagwa nacho chiseko. Kuyambira pamenepo dzina langa linali Nsomba Zikupserera, mpaka kumjigo. Aphunzitsi anati tikafika pamenepo tizingowomba m'manja, koma manyazi anali atandilowa kale.

Ndinali nditaonapo amalume akulumikiza fita yoduka ndi guluu womatira chubu cha njinga. M'mawa mwake pa nthawi yopuma ndinatsala m'kalasi. Ndinapeza pamene atate akuyambira, ndinapeza pamene amayi akulekera kuseka, ndinadula uku ndi uku, n'kumata. Kachidutswako kanali kotalika ngati mkono wanga. Ndinakaponya pazenera, mwera n'kukatengera cha kubango. Pa tsiku la ana tinavina osaima, ndipo fita ndinaibweza pansi pa nsalu za amayi pamene inkakhala.

Nyimbo imeneyi sinafe ayi. Masiku ano imalira pa maukwati, imalira m'mashapa, maminibasi opita ku Lichinga, ndipo anyamata anatenga besi wake n'kuimbirapo zawo. Mwana wanga ali nayo pafoni, yathunthu, yopanda chilema. Anthu amati ndi nyimbo ya chimwemwe, ndipo sakunama. Ine mpaka lero ikafika pakati ndimangoyang'ana kunja.

Lamlungu lotsatira tsiku la ana lija amayi anakhala pamphasa monga mwa masiku onse. Mpeni unaima nthawi isanakwane, akudikira. Malipenga anangodumpha pang'ono, n'kupitirira. Amayi anabweza fita m'mbuyo, chinthu chimene sankachita poopa kutha mabatire. Anamvetseranso. Anabwezanso kachitatu, mpaka mawu a woimba uja anayamba kulemera.

"Ndakonza ndine," ndinatero, ndikuyembekezera kuyamikiridwa.

Sanandimenye. Bola akanandimenya. Anayang'ana manja angawa nthawi yaitali, kenako anafunsa motsitsa: "Unakataya kuti?"

Masiku atatu amayi anali m'bango kuseri kwa sukulu, atawerama, madzi ozizira m'maondo. Odutsa ankati akufuna nkhuni. Amalume anabwera, anaima chapatali, n'kubwerera. Chilichonse chonyezimira amayi ankachitola, kuchitembenuza, n'kuchitaya. Bango linawacheka mikono.

Tsiku lachitatu ndinatopa nako kuwatsatira, ndi njala yomwe. Ndinawakoka nsalu.

"Amayi, tiyeni kunyumba. Atate akabwera adzanenanso."

"Eya, mwanangu," anatero osatembenuka, n'kupitiriza kupatula bango.

Ndinakhala pamchenga nditakwiya. Sindinkamvetsa kuti munthu wamkulu angazizidwe choncho chifukwa cha mawu a nsomba zopserera, mwini mawuwo ali pa Lichinga pomwepa.